Zimene Mabwinja a Aroma Adandiphunzitsa ku Tunisia

Akonzi a kalata yathu ino akhala akundikumbutsa kuyambira pa msonkhano wathu wa pachaka kuti ndilembeko za ulendo umene ndidayenda chaka chatha. Ndakhala ndikuzengereza poti ine si mlembi, ndipo anzanga a kalasi yathu akudziwa bwino kuti pa History sindidali m'gulu la otsogola. Koma lonjezo ndi ngongole. Tsono abale ndi alongo, inu amene tidakhalira limodzi pa desiki ndi inu amene mudabwera m'mbuyo mwathu, ndiloleni ndikusimbireni.

Mukuwakumbukira bambo aja a History, oyenda ndi choko m'thumba la jekete? Ankajambula mapu a nyanja ya Mediterranean pa bolodi osasuzumira m'buku. Italy ankamujambula ngati jombo, ndipo kumunsi kwake, tsidya lino la nyanja, ankaika kadontho ndi kulemba kuti Carthage. Ife tinkangoloweza zaka, 264, 218, 146, kuti tikhoze JC basi. Ine mwana wa ku Ndirande, amene ulendo wanga wautali udali wa pa basi wopita kumudzi ku Ntcheu, Aroma ndinkawaika gulu limodzi ndi Kalulu ndi Fisi. Sindinkalota n'komwe kuti tsiku lina ndidzagwira miyala yawo ndi manja angawa, ndiponso kuti ndidzaigwirira mu Africa momwe muno.

Mwayi udabwera pamene a kuntchito adandituma ku msonkhano mumzinda wa Tunis, likulu la dziko la Tunisia. Ndidanyamukira pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa ndi Cairo. Msonkhano utatha ndidatsala ndi masiku atatu ndisanabwerere. Anzanga ambiri adalowera m'masitolo. Ine ndidati ndikaone kadontho kaja.

Mzinda woyamba ndi chikopa cha ng'ombe

Kuchokera pakati pa Tunis kukafika ku Carthage ndi makilomita pafupifupi 15, monga kuchoka m'tauni ya Blantyre kupita ku Chileka. Pali kasitima ka magetsi kamene kamapita kumeneko, ndipo maina a masiteshoni ake adandiseketsa ndekha: Carthage Salammbo, Carthage Byrsa, Carthage Hannibal. Ndidatsikira pa Hannibal, dzina lomwe ndidalilemba molakwa pa mayeso a Fomu 2.

Amene angapite kumeneko akuyembekeza kuona mzinda wathunthu wa mabwinja adzakhumudwa. Carthage ya lero ndi dera la anthu opeza bwino, la nyumba zoyera za mipanda ndi maluwa, ngati Namiwawa kapena Sunnyside. Mabwinja ali apa ndi apo: pano chipupa, uko nsanamira, kuseri kwa nyumba ya munthu manda. Chifukwa chake ndichifotokoza kumapeto, poti ndicho chidandichititsa kulemba nkhaniyi.

Mzindawu sadauyambe ndi Aroma. Adauyamba ndi amalonda a ku Tyre, Turo wa m'Baibulo uja, m'dziko limene lero ndi Lebanon, ndipo mwambo umati chidali chaka cha 814 B.C. Nthano yawo imati mfumukazi Elissa, amene Aroma ankamutcha Dido, adapempha eni nthaka kuti amugawireko malo ongokwana chikopa chimodzi cha ng'ombe. Atavomera, mayiyo adachidula chikopacho kukhala tizingwe topyapyala n'kuzunguliza phiri lonse la Byrsa. Nditaima paphiripo ndidakumbukira malo a kuno kwathu amene azungu adatenga kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti m'zaka za m'ma 1880, Harry Johnston n'kudzawapatsa zikalata za umwini m'ma 1890. Njomba za malo sizidayambe dzulo.

Carthage idalemera ndi malonda a panyanja mpaka Roma adayamba kuiona ngati minga m'phazi. Adamenyana nkhondo zitatu. Yoyamba, ya 264 mpaka 241 B.C., idali yolimbirana chilumba cha Sicily. Yachiwiri ndi ija ya Hannibal, amene mu 218 B.C. adanyamuka ku Spain ndi asilikali ake ndi njovu 37, nakwera mapiri ozizira a Alps ndi kuwatulukira Aroma kumene sankayembekezera. Pa Cannae mu 216 B.C. adapha asilikali a Roma zikwizikwi tsiku limodzi, ndipo adakhala mu Italy zaka 15. Koma Aroma sadagonje. Adatuma Scipio kukaukira Carthage yeniyeniyo. Hannibal adaitanidwa kuti abwerere kwawo ndipo adagonja pa Zama mu 202 B.C.

Ngakhale Carthage idali itathyoka msana, ku nyumba ya malamulo ya Roma kudali nkhalamba ina, Cato, imene inkati ikayankhula nkhani iliyonse, imalize ndi mawu akuti Carthage iyenera kuwonongedwa. Zidachitikadi. Atauzinga mzindawo zaka zitatu, Aroma adalowa mu 146 B.C. Adamenyana nyumba ndi nyumba kwa masiku asanu ndi limodzi pokwera phiri la Byrsa, kenako adautentha. Anthu otsala, pafupifupi 50,000, adagulitsidwa ukapolo.

Pano ndiyenera kukonza chimodzi chimene tidaphunzira. Tidauzidwa kuti Aroma adawaza mchere m'minda kuti pasadzamerenso kanthu. Akatswiri a mbiri adafufuza ndipo adapeza kuti palibe mlembi wa nthawi zakalezo ngakhale mmodzi amene adalemba zimenezo. Adakometsera ndi olemba a m'mbuyo muno. Chimene chidatayika kwenikweni ndi mabuku. Aroma adagawira mafumu a ku Numidia mabuku a m'Carthage ndipo adazimirira. Iwo adangolabadira buku la zaulimi la munthu wotchedwa Mago, limene adalamula kuti limasuliridwe m'Chilatini. Motero zambiri zimene timadziwa za Hannibal ndi anthu ake tidazimva kwa adani awo. Ife a kuno zoterezi si zachilendo. Mu 1915 boma la atsamunda lidaphulitsa tchalitchi cha njerwa cha John Chilembwe ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ndipo kwa zaka zambiri mbiri ya mkuluyo inkalembedwa ndi amene adamupha.

Aroma amanga pamwamba pa phulusa

Patapita zaka zoposa 100, Aroma adaona kuti malo abwino chotero sangakhale tchire. Julius Caesar adaganiza zomanganso mzindawo, ndipo Augustus adatumizako anthu mu 29 B.C. Amisiri awo adadula nsonga ya phiri la Byrsa kuti pakhale posalala, dothi ndi zigumukire n'kuzikankhira m'mbali. Dothilo lidakwirira nyumba za anthu a Hannibal, ndipo m'malo moziwononga lidazisunga. Lero munthu amaima pamenepo n'kumaona misewu yowongoka, zipinda, ndi maenje osungira madzi a mvula pansi pa nyumba. Chigawo chonsecho Aroma adachitcha Africa, potengera anthu a kumeneko otchedwa Afri, ndipo dzina la kachigawo kameneko ndilo lidadzatikuta tonsefe mpaka ku Cape Town. Carthage yatsopanoyo idakhala umodzi mwa mizinda ikuluikulu ya ufumu wa Roma, ndipo tirigu ndi mafuta a azitona a m'minda ya kumeneko ndizo zinkadyetsa anthu a mumzinda wa Roma.

Pamwamba pa phiri lomwelo pali tchalitchi chachikulu chimene Cardinal Lavigerie adamangitsa kuyambira 1884 mpaka 1890, ngakhale masiku ano sapemphereramo. Mkulu ameneyu ndiye adayambitsa chipani cha ansembe a White Fathers, amene adafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 ndi kudzatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Mmodzi mwa ansembe ake, Alfred-Louis Delattre, adakhala zaka zoposa 50 akukumba mabwinja a Carthage. Ndiye mukuona kuti kadontho kaja ndi Mtakataka sizidatalikirane monga tinkaganizira.

Kumunsi, m'mphepete mwa nyanja, kuli mabafa a mfumu Antoninus, amene adatha kumangidwa cha m'ma 162 A.D. Musaganize za bafa la udzu kapena la malata kuseri kwa nyumba. Chidali chinyumba chotenga malo ngati mabwalo a mpira angapo, chokhala ndi zipinda za madzi otentha, ofunda ndi ozizira, ndi malo olimbitsira thupi. Anthu ankapita kumeneko kukasamba, kukacheza ndi kukapangana za malonda. Chatsala lero ndi zapansi zokha, makonde m'mene akapolo ankasenza nkhuni ndi kusonkha moto. Pamwamba pamene mabwana ankasamba padagwa kalekale. Adaimikanso nsanamira imodzi ya mamita 15 kuti mlendo aone m'mene denga lidatalikira. Mlonda adandichenjeza kuti ndisalozetse kamera chakumene kuli nyumba ya mtsogoleri wa dzikolo, poti yachita malire ndi mabwinjawo.

Madzi oyenda okha

Munthu wokulira ku Ndirande, amene ankadzuka 4 koloko m'mawa ndi ndowa kukaima pa mzere wa pa mpopi, sangaone mabafa otere osafunsa kuti madzi ake ankachokera kuti. Inu a ku Bangwe ndi ku Machinjiri mukadafunsanso chimodzimodzi. Choncho tsiku lachiwiri tidasonkherana ndi mnzanga wina wa ku Ghana n'kupeza galimoto yotitengera ku phiri la Zaghouan, kum'mwera kwa Tunis.

Tisanafike n'komwe tidaona mzere wa zipilala zitalizitali zikudula chigwa, zitasenza ngalande pamwamba pake. Ngalande imeneyi idamangidwa m'zaka za m'ma 100 A.D., ndipo ambiri amati ntchitoyo idayamba nthawi ya mfumu Hadrian, amene adayendera chigawocho mu 128. Kuphatikiza nthambi zake, kutalika kwake ndi makilomita 132, kuposa mtunda wochokera ku Blantyre kukafika ku Liwonde podzera ku Zomba. Padalibe injini, padalibe pampu, padalibe magetsi. Amisiri adayeza kuti ngalandeyo izitsetsereka pang'onopang'ono njira yonse. Pa chigwa adaikweza ndi zipilala, pa chitunda adaidutsitsa pansi pa nthaka. Madzi ankayenda okha usana ndi usiku mpaka kukathira m'nkhokwe zikuluzikulu za madzi ku Carthage. Pa kasupe penipeni, patsinde pa phiri, adamangapo kachisi, ndipo makoma ake alipobe. Kwa iwo pochokera madzi padali malo oopedwa. Ngalandeyo idadulidwa kangapo pa nkhondo, koma idali ntchito yolimba kotero kuti mafumu a ku Tunis adaikonzanso m'zaka za m'ma 1200, ena n'kudzaikonzanso m'ma 1800.

Ndidaganiza za kwathu. Mzinda wathu uli pamwamba, mtsinje uli pansi. Madzi ambiri a Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwezedwa mamita pafupifupi 800 ndi mapampu a magetsi. N'chifukwa chake dontho lililonse limadula. Mu 2019 adayamba kubwera madzi a ku Likhubula, otsika okha kuchokera m'phiri la Mulanje mpaka ku Nguludi, yomwe ndi nzeru ija ya ku Zaghouan. Koma za kulemekeza kasupe tidalephera. Ife amene tidakula phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo ya paini tikudziwa m'mene lidametedwera m'zaka za m'ma 1990, chonsecho ndilo limadyetsa damu la Mudi. Ndipo zimene phiri la Soche lidachita ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kukumbutsana.

Masana a tsiku lomwelo tidafika ku Dougga, makilomita oposa 100 kuchokera ku Tunis. Kumeneko ndiye kuli mzinda wathunthu pa chitunda: misewu ya miyala, akachisi, msika, ndi bwalo la zisudzo la anthu 3,500 lomangidwa mu 168 ndi 169. Chimene chidatiseketsa ndi chimbudzi. Ndi benchi la mwala lopindika ngati chilembo cha U, lokhala ndi mabowo 12. Anthu ankakhala moyandikana, popanda chitseko, madzi akuyenda pansi kukokolola zonse. Mnzanga wa ku Ghana adati manyazi adalibe anthu amenewa. Ine ndidakumbukira zimbudzi zathu zija za kuseri kwa holo, ndipo ndidati manyazi akadakhala athu.

Pa Dougga pomwepo pali chipilala cha manda cha anthu a ku Numidia, chakale kuposa nyumba za Aroma. Mu 1842 kazembe wa Britain ku Tunis, Thomas Reade, adachigumula kuti achotsepo mwala wolembedwa m'zinenero ziwiri. Chipilalacho adachimanganso cha m'ma 1910, koma mwalawo uli ku British Museum ku London.

Chikomekome cha nkhuyu

Tsiku lachitatu ndidakwera sitima kupita ku El Jem, makilomita pafupifupi 200 kum'mwera kwa Tunis. Ndi tauni yaing'ono pa chigwa cha mitengo ya azitona, koma pakati pake pali chibwalo choonekera kutali ngati phiri. Nthawi ya Aroma mzindawo unkatchedwa Thysdrus ndipo udalemera ndi mafuta a azitona. Bwalolo ndi lotalika mamita 148, m'lifupi mamita 122, ndipo munkalowa anthu pafupifupi 35,000, kuchepa pang'ono chabe ndi bwalo la Bingu ku Lilongwe. Lidamangidwa cha m'ma 238, chaka chimene anthu a kumeneko adatopa ndi misonkho, napha wokhometsa msonkho, n'kulonga ufumu nkhalamba ya zaka pafupifupi 80 yotchedwa Gordian. Ufumu wakewo udatha patangopita masabata atatu.

Ndidakwera masitepe mpaka pamwamba, ndipo m'makutu mwanga ndinkamva ngati phokoso la pa Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Wanderers. Kenako ndidatsikira kunsi kwa bwalo. Kumeneko kuli makonde amdima ndi tizipinda tosungiramo zilombo ndi anthu oyembekeza kukwezedwa pabwalo. Chimwemwe changa chidathera pomwepo. Masewera a m'bwalo limeneli adali kuphana: munthu ndi munthu mnzake, kapena munthu ndi chilombo, khamu likuombera m'manja. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Maina a ena mwa anthu ofera m'mabwalo otere timawadziwa. Pa 7 Malichi mu 203, m'bwalo la ku Carthage, adapha Perpetua, mayi wa zaka 22 wokhala ndi mwana woyamwa, pamodzi ndi Felicity, kapolo amene adali atangobereka kumene m'ndende, chifukwa chokana kusiya Chikhristu. Perpetua adalemba yekha za masiku ake a m'ndende, ndipo zolemba zakezo zilipo mpaka lero. Chodabwitsa n'chakuti mfumu ya Roma ya nthawi imeneyo, Septimius Severus, idali mwana wa mu Africa, wobadwira ku Leptis Magna m'dziko limene lero ndi Libya. Adalamulira kuyambira 193 mpaka 211, ndipo adafera ku York, ku England. Wokhala pa mpando ndi oponyedwa ku zilombo onse adali a tsidya lino la nyanja.

Ichi ndicho sitidachigwire bwino tili pa sukulu. Tinkaganiza kuti mbiri ya Roma ndi ya azungu okhaokha. Koma Terence, wolemba zisudzo za Chilatini, adabadwira ku Carthage ndipo adafika ku Roma ali kapolo. Tertullian ndi Cyprian, amene adadulidwa mutu mu 258, adali a ku Carthage. Augustine adabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko la Algeria la lero, ndipo sukulu yake yaikulu adaiphunzira ku Carthage. Apapa atatu, Victor, Miltiades ndi Gelasius, adali ochokera ku Africa.

Mwina wina afunsa ngati Aroma adafika kuno kwathu. Sadafike. Mfumu Nero adatuma asilikali kukafuna kochokera mtsinje wa Nile, koma adakathera m'madambo a ku South Sudan. Amalonda a nthawi imeneyo ankadziwa doko lotchedwa Rhapta m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania, ndipo kumeneko ndiko kudathera nzeru zawo. Pamene ufumu wawo unkapita kumapeto, kuno anthu adali atayamba kale kusula zitsulo ndi kuumba mbiya, monga umboni wa ku Nkope ku Mangochi umaonetsera. Komabe Aroma adatipeza podzera pakamwa. Tikamati Julayi ndi Ogasiti tikutchula Julius Caesar ndi Augustus. Sepitembala mpaka Disembala ndi manambala a Chilatini, 7 mpaka 10, poti chaka chawo chakale chinkayamba mu Malichi. Mawu akuti kalasi, fomu ndi mailo mizu yake ndi ya Chilatini, ndipo zilembo zimene mukuwerengazi ndi zawo.

Adagwetsa ndani?

Tsopano ndibwerere ku funso lija la mabwinja a apa ndi apo. Adani adabweradi. Anthu otchedwa Vandals adalanda Carthage mu 439, Belisarius adailanditsa mu 533, ndipo Aluya adaigonjetsa mu 698, mzinda wa Tunis n'kuyamba kukula m'malo mwake. Koma nkhondo sizidye miyala. Chimene chidamaliza Carthage ndi anthu wamba ndi mafumu omwe, amene kwa zaka mazanamazana adausandutsa mzindawo malo otapako miyala yosemasema. Nsanamira zambiri za mumzikiti wa Zitouna ku Tunis zidachokera m'mabwinja a Carthage, ndipo za mumzikiti waukulu wa Kairouan nazonso zidazulidwa m'nyumba zakale za Aroma. Ku El Jem, mfumu ina ya ku Tunis idaboola khoma ndi mizinga mu 1695 pofuna kutulutsa oukira amene adabisala m'bwalomo. Pa bowo limenelo ndipo anthu a m'mudzi adayambira kusenza miyala kukamangira nyumba zawo. Ndikhulupirira kuti aliyense ankati wangotengako umodzi.

Dziko lidadzidzimuka mochedwa. Bungwe la UNESCO lidayambitsa ntchito yopulumutsa Carthage mu 1972, pamene nyumba zatsopano zinkameza mabwinja, ndipo mu 1979 Carthage ndi El Jem zidalembedwa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mu 1985 mameya a Roma ndi Carthage adasainirana pangano la mtendere, patatha zaka zoposa 2,100 chiwonongekere mzindawo. Koma madzi akatayika saoleka.

Kuno kwathu tili nazo nyumba zakale zimene zikadaimabe. Nyumba ya Mandala ndi ya 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Blantyre Mission chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, zaka zomwe zija za tchalitchi cha pa Byrsa. David Clement Scott, amene adatsogolera ntchitoyo, sadaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo amene adaumba njerwa, kuziotcha ndi kuziyala adali anthu akuda a konkuno. Nyumba zimenezi sizidaime chifukwa cha kulimba kwa njerwa kokha. Zidaima chifukwa m'badwo uliwonse padapezeka anthu okwera padenga kukatseka podontha.

Nditabwerako ku ulendowu ndidapita kukazungulira pa sukulu yathu Loweruka lina. Abale anga, ndidaona Carthage yaing'ono. Mpanda wa kumunsi uja udagumuka, ndipo njerwa zake zikuchoka imodziimodzi. Mawindo a chipinda chathu cha Fomu 2 alibe magalasi. Denga la laibulale likudontha pamwamba penipeni pa mashelefu. Mipopi ina idazulidwa. Sindikuloza chala aphunzitsi amene alipo lero, poti akuphunzitsa ana ochuluka kuposa m'mene tidaliri ife, ndi ndalama zosakwanira. Kudalibe Scipio amene adabwera ndi asilikali pa sukulu pathu. Ndi kamodzikamodzi komwe kaja, ndiponso kukhala chete kwa ife amene tidadyapo. Ena mwa ife timadutsa pa geti m'mawa uliwonse popita ku ntchito kuchokera ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, maso ali kutsogolo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Pempho langa ku komiti ndi kwa inu nonse ndi la zinthu zitatu. Choyamba, pa msonkhano ukubwerawu tisakambe za chakudya cha pachaka tisanakambe za denga la laibulale ndi mipopi, ndipo kalasi iliyonse itenge chipinda chimodzi kukhala chake. Chachiwiri, tilembe mbiri ya sukulu yathu aphunzitsi athu opuma akadali ndi moyo, ndipo amene muli ndi zithunzi, malipoti ndi magazini akale musazisiyire chiswe. Anthu a Hannibal adataya mabuku awo pa nkhondo. Ife tingataye athu m'katoni pansi pa bedi. Chachitatu, pa tchuthi tengani ana anu mukawaonetse nyumba yosungiramo zakale ya pa Chichiri, nyumba ya Mandala, ndi ku Mbombwe. Si zofuna ndege zimenezi, minibasi ikwana.

Ndimalize ndi bambo aja a History. Ndidafunsira ndipo ndidawapeza ku Chilomoni, atakhala pa khonde, maso atayamba kuchita chidima. Adaphunzitsa za Carthage zaka zonse zija koma sadatulukepo m'dziko muno. Ndidawaonetsa zithunzi pa foni, ndipo pa chithunzi cha zipilala za ngalande adakhala nthawi yaitali osayankhula. Nditawauza kuti nkhani ya mchere ija akatswiri adaikana, adaseka nati, "Ndiye kuti ndidanamiza ana ambiri, mwana wanga. Ukalembe m'kalata yanuyo kuti amve onse." Ndalemba, aphunzitsi.

Nditatsazika, ndili pa geti, adandiitananso.

"Njovu za Hannibal zidali zingati?"

"Zidali 37, aphunzitsi."

"Ukadayankha chomwecho pa JC," adatero, "bwenzi utakhoza bwino."